Mailo Ake Ati?

Msanzala,
Lachinayi masana.

Dailesi mwanangu,

Iwe ndi amai ako mwapita ku boma kukagula ndowa, sopo ndi masokosi, ndipo ndikudziwa kuti simubwera msanga, chifukwa amai ako sagula chinthu asanachinyoze m'masitolo atatu. Ndiye ndakokera mpando pansi pa mbawa, ndang'amba mapepala m'kope lako lakale, ndikulemba. Pakamwa sindisowa mawu, ukundidziwa, koma nkhani iyi ndikaiyamba pakamwa imakhotera kwina. Sabata ino ndayesa kawiri. Ulendo woyamba ndinathera pa nkhupakupa za ng'ombe, wachiwiri ndinakuphunzitsa kufewetsa nsapato zatsopano ndi mafuta.

Kalatayi ndiika m'thumba la mtedza wokazinga, pakuti thumba limenelo ulitsegula basi isanatuluke n'komwe mu Petauke. Uiwerenge yonse usanafike pa Nyimba. Chifukwa chake uchipeza kumapeto, koma usadumphe masamba monga unkachitira ndi mabuku a kusukulu.

Choyamba udziwe kuti ndine wokondwa, ndipo ndikunyada. Mwana wanga wamkazi akupita kukaphunzira ntchito yolondera nkhalango ndi nyama za kutchire, a gemu enieni, wa yunifolomu ndi mfuti paphewa. Amai ako akuopa njovu, akuopa opha nyama mozemba, akuopanso anyamata a ku msasako, ndipo sindidziwa chimene akuopa kwambiri pa zitatuzi. Ine sindikuopa. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ndinakuona ukulambula mpata wa moto pa kamunda kathu ka mitengo uli ndi zaka khumi ndi ziwiri, mlongo wako Yobe atathawira ku mpira. Ntchito imeneyi uikwanitsa.

Koma pali zinthu ziwiri zimene zandikhazika pa mpando uno. China chinachitika Lamulungu ku tchalitchi. Abusa atakuitanira kutsogolo kuti akupempherere, unauza mpingo wonse kuti ukufuna kukhala ngati atate ako, amene ananyamula mnzawo a Lungu kumsana pa nkhondo ya m'malire. Anthu anaomba m'manja, amai ena analuluta, ine ndinayang'ana pansi. Unayesa ndi kudzichepetsa. Anali manyazi, mwanangu, chifukwa nkhani imene umaidziwayo ndi theka chabe.

China chinachitika Lolemba, pamene mkulu wa ku maphunziro uja anakuimbira foni kukuuza zofunika kunyamula. Ndinali pafupi, ndikukonza goli. Unati "inde bwana" kanayi, msanamsanga, ngati wamva zonse. Utadula foni unatembenukira kwa amai ako n'kufunsa ngati munthuyo ananena bulangeti limodzi kapena awiri. Amai ako akanadziwa bwanji? Foni inali pa khutu lako. Unaseka, ine sindinaseke, chifukwa pa khonde paja ndinaona mnyamata wina amene ndimamudziwa bwino, dzina lake Yotamu Daka, atate ako asanamere imvi.

Ana inu munandipatsa dzina, mumayesa sindilidziwa. A Mailo-Ake-Ati. Ndinalimva koyamba kuseri kwa nkhokwe, Yobe akunditsanzira mawu, iwe ukugubuduka ndi phwete. Sindikukana, ndimatopetsa. Ndikafunsa za kumwetsa ng'ombe mankhwala wina n'kuyankha kuti "mailo," ine pomwepo: mailo ake ati, a kumbuyo kapena a kutsogolo? M'mabuku amene tinawerenga kusukulu muli mawu awiri, dzulo ndi mawa, lililonse ndi khomo lake. Ife kuno tinawalowetsa m'nyumba imodzi. Sizivuta munthu akalankhula chiganizo chonse, ninapita mailo, nizapita mailo. Vuto limabwera pamene munthuyo ali pa changu, kapena ndi wamkulu woti safuna kutaya mawu pa iwe, n'kungokuponyera liwu limodzi lokhalo. Lero ndikuuza kumene funso langa lija linachokera.

Sukulu itandikanika pa Fomu 2, ndinalembetsa ku msasa wa achinyamata wosamalira nthaka ndi mitengo, m'mapiri a kuseri kwa Nyimba. Tinali anyamata ochokera uku ndi uku, ena a kuno, ena a ku Katete ndi ku Chadiza. Tinkagona m'matenti, m'mawa n'kudzutsidwa ndi chitsulo cha gudumu la galimoto chimene anachipachika pa mtengo. Ntchito inali yodzaza dothi m'machubu ku nazale, kutseka zigwembe ndi miyala, kukumba akalozera m'mbali mwa phiri, ndi kulambula mipata ya moto, ija yoti udzu uchoke mpaka dothi lionekere kuti moto ukafika usowe chakudya. Ndinkaikonda ntchito imeneyo. Kumeneko ndi kumene ndinadziwana ndi a Lungu ako, nthawi imeneyo ali Aizeki chabe, mnyamata wa miyendo iwiri yothamanga kuposa tonse. Tinkagona tenti imodzi.

Popeza ndinali nditalawako sekondale, anzanga ankandibweretsera makalata awo kuti ndiwawerengere, ena kuti ndiwalembere a chibwenzi. Anayamba kunditchula a Sukulu, ndipo dzinalo linandikwera m'mutu. Munthu wotchedwa a Sukulu angafunse chinthu kawiri pamaso pa anthu? Ndinkagwedeza mutu munthu asanamalize kulankhula.

Kapitawo wathu anali a Mwanza, bambo wamfupi wa mawu aakulu, amene ankadziwa mbande iliyonse pa phiri lija ngati mwana wobala yekha. Pamwamba pa dambo tinali titabzala mibawa ndi milombwa, inali ndi zaka ziwiri, yofika m'chiuno. Nyengo yozizira, udzu usanaumitsitse, a Mwanza anandiika kukhala mtsogoleri wa anyamata asanu, Aizeki ali mmodzi wa iwo. Anandiuza kuti gulu lina likangotha kulambula mpata pakati pa dambo ndi phiri, ife tikawotche udzu wa m'dambo kuti moto waukulu wa m'chilimwe usadzapeze podzera.

M'mawa wina ndinaona a Mwanza akukwera thalakitala kupita ku boma kukatenga ufa. Ndinathamangira kumbuyo kwake ndikufuula: "A kapitawo! Nanga mpata wa ku dambo, kulambula?"

Anacheuka, dzanja lina litagwira chipewa. "Mailo!" Thalakitala n'kupita ndi fumbi lake.

Anzanga anandifunsa, "Akamba kuti chani?"

Ndinayankha ndi chifuwa chonse, "Analambula mailo. Tiyeni."

Dailesi, kukaona mpatawo ndi maso unali ulendo wosakwana theka la ola. Sindinapite. Tinayatsa, moto unayenda bwino poyamba, kenako mphepo inatembenuka n'kuutengera kuphiri, ndipo pamene panayenera kukhala mpata panali udzu wofika m'khosi. Gulu lolambula linali loti lidzayamba mawa lake. Tinamenya moto ndi nthambi mpaka nsidze zinapsa, koma sizinathandize. Pofika masana phiri lonse linali bii.

A Mwanza atabwera sanakalipe. Anangoyenda m'phulusa muja, akugwira timitengo topsa kamodzikamodzi. Akuluakulu atafika anatisonkhanitsa tonse n'kufunsa amene analamula kuwotcha mpata usanalambulidwe. A Mwanza anandiyang'ana kamodzi, anadikira pang'ono, akundipatsa danga. Ine ndinayang'ana nsapato zanga. Pamenepo iwo anati, "Kapitawo ndine, mlandu ni wanga." Anawachotsa ntchito sabata yomweyo, ananyamula kasutikesi kawo n'kuyenda wapansi mpaka ku msewu waukulu.

Tamvera apa, mwanangu, chifukwa malangizo anga oyamba ndi amenewa. Ukalakwa, nena tsiku lomwelo. Ndikanatsegula pakamwa m'bwalo muja, akanandichititsa manyazi, mwina akanandithamangitsa, koma ndikanaphunzira pa mitengo, ndipo mitengo imabzalidwanso. Popeza ndinabisa, sindinaphunzire kanthu. Ndinadziuza kuti inali mphepo, ndinadziuza kuti a Mwanza akanalankhula momveka, mpaka ndinayamba kukhulupirira ndekha. Phunziro lija silinapite kulikonse, linangotsogola kukandidikira.

Sipanapite nthawi, nkhondo ya kwa anansi athu ku Mozambique inayamba kutayikira kuno. Iwe unangoimva m'nkhani. Anthu a mfuti ankaoloka malire, kutenga ng'ombe, kuwotcha nkhokwe, kugwira anthu kuti awanyamulire katundu. Midzi ya kumwera inathawira ku msewu. Ambiri a ife a ku msasa tinalowa usilikali, popeza kuguba tinkadziwa kale ndipo tchire silinali lachilendo kwa ife. Ine ndi Aizeki tinagwera gulu limodzi, ndipo chifukwa cha Fomu 2 ija anandipatsa ntchito yonyamula mauthenga. Taona mmene zinthu zimayendera: munthu amene sankafunsa kawiri ndi amene anamusankha kuti azinyamula mawu a anthu.

Chimene tinkaopa kwambiri sichinali zipolopolo. Anali mabomba okwirira m'njira, makamaka njira za ku madzi, chifukwa aliyense amadziwa kuti msilikali ayenera kumwa. Panali kagulu kapadera kamene kankayenda patsogolo kufufuza mabombawo ndi kuwachotsa, ndipo ntchito imeneyo tinkangoti kusesa. Mkulu wawo anali sajeni wina wa kumpoto, munthu wodziwa ntchito yake koma wa lilime lakuthwa. Tsiku lina ndinamufunsa kanthu kawiri, iye n'kundifunsa pamaso pa gulu lonse ngati makutu ndinawasiya kwa amai anga. Anthu anaseka, ine ndinalumbira mumtima kuti sadzandisekanso.

Anatisamutsira pa kaphiri kena, mtsinje uli kumunsi. Madzi amene tinabwera nawo anatha tsiku lachitatu, milomo inayamba kusweka. Bwana wathu anandituma kwa sajeni uja kukafunsa za njira ya ku mtsinje. Ndinamupeza akumeta ndevu, kachidutswa ka galasi atakapanikiza pa khungwa la mtengo, nkhope yonse ili thovu.

Ndinati, "Sajeni, abwana afunsa za kusesa njila ya ku madzi."

Anayankha milomo ataikunga chifukwa cha lumo: "Mailo."

Ndinaima pang'ono. Ndikukumbukira bwino kuti ndinaima, ndipo mtima unandiuza kuti funsa. Iye anandiyang'ana m'galasi muja n'kuti, "Ufuna chani futi?"

"Palibe, sajeni."

Pobwerera ndinali ndi mawu awiri m'mutu, anasesa ndi azasesa. Talemba pa pepala uone, akusiyana chilembo chimodzi chokha. Sajeni sanandipatse chilembo chimenecho, ndinachiika ndekha, ndipo ludzu ndi limene linandisankhira. Ndinafika kwa bwana, ndinaomba saliyuti yokongola, n'kunena kuti, "Anasesa mailo, bwana."

Bwana anasankha anthu anayi okatunga madzi. Aizeki, monga mwa chizolowezi chake, anatsogola ndi zigubu ziwiri, akuimba mluzu. Sanafike n'komwe pakati pa njira.

Zotsalazo ukuzidziwa, ndipo ndi zoona. Ndinathamanga kutsika njira yomweyo osaganiza kuti mwina pali bomba lina, ndinamumanga ntchafu ndi lamba wanga, ndinamubereka mpaka pamene galimoto inatipeza. Anthu amati kunali kulimba mtima. Ayi. Ena onse anaima chifukwa sanamvetse chimene chachitika, ine ndinathamanga chifukwa ndinali nditamvetsa. Nkhondo ilibe nthawi yofunsa mafunso ambiri. Tsiku lotsatira anatisamutsanso, nkhani inakwiririka, Aizeki anatsala ndi mwendo umodzi, ine ndinatsala ndi dzina la ngwazi.

Dzina limenelo ndinalivala zaka zoposa khumi. Nkhondo itatha ndinabwerera kuno, ndinakwatira amai ako, ndinayamba kanazale kanga. Chaka chilichonse ndinkapalasa njinga tsiku lathunthu kupita ku Nyimba kukalimira a Lungu dimba lawo la nthochi, ndipo anthu ankati onani chibwenzi chenicheni. Chibwenzi chinalipo, sindikukana, koma chimene chinkapalasa njinga ija chinali chikumbumtima. Usiku mwendo wa mnzanga unkandiwawa ine. Ndinkangoti ndidzamuuza mailo, ndipo mailo amenewo sankafika.

Ndinawauza tsiku lina tikupumula m'dimba momwemo, ndodo zawo atazitsamiritsa pa tsinde la nthochi. Ndinanena zonse, galasi, thovu, chilembo chija. Nditamaliza anati, "Nyamula njinga yako, Yotamu. Choka." Ndinachoka. Nyengo ya mvula inadutsa kawiri osalankhulana, ndipo sindinawaimbe mlandu. Amai ako ndinawauza nthawi yomweyo, ndipo ndiwayamike, ndi nkhani yokhayo imene anaisungapo osauzako anzawo a ku kwaya.

Iwe utabadwa, pasanathe sabata, ndinaona ngolo ikuima pa bwalo pano. A Lungu anatsika ndi ndodo zawo, m'ngolomo muli ana a nthochi asanu. Anapempha khasu, anandiloza pokumba kuseri kwa bafa, ine n'kumakumba iwo akuyang'anira. Titabzala wachitatu anayamba kulankhula, maso ali pa dzenje.

Anati, "Neo nenze pafupi pamene unakamba kuti anasesa mailo. Ninamvela. Mtima unaniuza kuti mufunse, uyu ni wamene uja wa ku dambo. Nifunse kuti mailo ake ati. Koma nenze na njota, pakhosi pouma, futi sininafune kukuchititsa nsoni pamenso pa abwana. Sininafunse." Kenako anati, "Weo unanama, neo ninakhala chete. Mwendo uyu tinautaya tili awili. Koma weo ndiwe unayamba, usaiwale."

Sindinaiwale. Nthochi zimene wakula ukudya kuseri kwa bafa ndi zimenezo, ndipo funso limene mumanditsanzira nalo si langa n'komwe, ndinabwereka kwa a Lungu tsiku limenelo. Safunsa anadya phula, akulu anatero, koma ine phula langa ndinadyera limodzi ndi mnzanga.

A Mwanza ndinawafunafuna pambuyo pake. Ndinamva kuti kwawo ndi kwa Kalindawalo, ndinapita, koma ndinapeza manda. Akazi awo anandilandira bwino, anati bambowo ankasimba za phiri lija mpaka kukalamba, koma sanatchulepo dzina la mnyamata aliyense. Ndinapempha chilolezo n'kubzala mbawa kumutu kwa manda awo. Mnzake wa mbawa umenewo, wofesedwa tsiku limodzi, ndi uno ndakhala pansi pakewu. Mtengo ndi wabwino, koma sumva kupepesa. Usadzachedwe ngati ine.

Tsopano za kumene ukupita. Kumeneko adzakulamula mofuula, mwachangu, mawu odukaduka, ena pa wailesi yokhala ndi phokoso. Adzakuuza kuti gulu lina linadutsa mbali iyo, kuti mfuti iyi ilibe chipolopolo, kuti mtsinje uwo ndi woolokeka. Bwereza chimene wamva, chiganizo chonse, mokweza, kuti wolamulayo avomere kapena akukonze. Ukapanda kumva, nena kuti sindinamve. Adzakuseka, makamaka poti ndiwe mkazi, adzati tinanena kuti ntchito iyi si ya atsikana. Asiye aseke. Kusekedwa sikudula mwendo wa munthu.

Ndipo chinthu chimene ungathe kukachiona ndi maso ako, pita ukachione. Theka la ola limene ndinaumira ku dambo lija ndalilipira moyo wanga wonse. Mfuti imene wapatsidwa, itsegule wekha uyang'ane m'kati, ngakhale wokupatsayo akhale mnzako wa pamtima. Makamaka ukakhala ndi ludzu, kapena watopa, kapena ukufuna kubwerera ku msasa msanga, uzichenjera ndi yankho limene likukukomera. Limenelo ndi loyenera kulifunsa kawiri.

Tsiku lina iwenso udzakhala wolamula, sindikukayika, uli ndi mawu a agogo ako. Pamenepo ukumbukire sajeni wa thovu kumaso uja. Sanali munthu woipa, ndipo sananame. Anangoumira mawu, komanso anali ataphunzitsa anyamata ake kuti kufunsa ndi uchitsiru. Iwe uzilankhula chiganizo chonse, ndipo amene wakufunsa kawiri uzimuyamika pamaso pa anzake.

Udzakumananso ndi anthu a m'midzi ya m'mphepete mwa nkhalango, alimi ngati ife. Wina udzamupeza ndi msampha m'manja. Lamulo ndi lamulo, uligwire, sindikukuuza kuti uzitsinzina. Koma usanamuone ngati mdani, mufunse. Mwina njovu zinamudyera munda wonse usiku umodzi, ndipo palibe anabwera kudzaona. Munthu amene wamufunsa mwaulemu amakuuza zambiri kuposa amene wamuloza ndi mfuti, ndipo tsiku lina ndi yemweyo adzakuchenjeza kumene kwabisala anthu oopsa enieni. Yunifolomu isakuiwalitse kuti bambo ndi bambo, amai ndi amai.

Za nsapato ndinakuuza kale, koma ndibwereza poti kutopetsa ndi khalidwe langa. Usakavale zatsopano pa ulendo wautali usanazifewetse. Ine ndinatero tsiku loyamba ku msasa kuti ndioneke bwino, ndipo ndinatha sabata ndikuyenda ngati bakha. Za anyamata ndawasiyira amai ako, ali nazo zokwanira ulendo wonse wa ku boma, kupita ndi kubwerera.

Usaganize kuti ndakulembera zonsezi chifukwa ndikukukayikira. Ukukumbukira chaka chija tinkapopera thonje, wogulitsa mankhwala atatiuza kuti tiziika zivindikiro ziwiri pa chigubu? Ine ndi Yobe tinali titatembenuka kale, iwe uli ndi zaka zisanu ndi zinayi n'kumukoka munthuyo malaya: "Chivindikilo chake chiti, cha botolo ikulu olo ing'ono?" Munthuyo anakanda mutu, anawerenga pa botolo, n'kupeza kuti akanatiwotchetsa munda wonse. Tsiku limenelo ndinabwera kunyumba ndikuyenda ngati mfumu. Mtsikana ameneyo ndi amene ndikumutumiza kutchire, osati uja wa "inde bwana" kanayi. Funso unabadwa nalo, ndikungoti usalisiye pa geti ya msasa pofuna kuoneka wochenjera.

Lero m'mawa ndinawaimbira foni a Lungu, chifukwa nkhaniyi ndi yawonso, sindikanaiulula popanda chilolezo chawo. Ndinawauza zimene unanena ku tchalitchi. Anaseka mpaka kutsokomola, kenako anati, "Manje uzamuuza liti mwana?"

Ndinati, "Mailo."

Anati, "Mailo ake ati?"

Anandigwira ndi msampha wanga womwe, nkhalamba ija. Ndiye chifukwa chake ndakhala pansi lero lomwe.

Basi yako idzaima pa Nyimba, monga zimaimira zonse, anthu agule nthochi. A Lungu adzakhala ali pomwepo, pafupi ndi amai ogulitsa, atavala jekete lawo la ku tchalitchi, ndi phava la nthochi za m'dimba mwawo. Akudziwa kuti udzakhala utawerenga. Tsika ukawapatse moni ndi manja awiri. Uyang'ane mwendo wawo wa mtengo uja, usauthawe ndi maso monga wakhala ukuchitira mwaulemu kuyambira uli mwana. Ukafuna kuwafunsa kanthu, afunse, anena okha kuti adzayankha chilichonse basi isanalize hutala.

Ukafuna kundikwiyira, kwiya, ndi ufulu wako. Ndinakulola kunyadira theka la nkhani kwa zaka zambiri chifukwa zinkandikomera kuona maso ako akuwala. Kuchoka pa Nyimba kukafika pa mlatho wa Luangwa ndi mtunda wokwanira kukwiya, ndipo ukapanda kukwanira, pitiriza mpaka ku Lusaka. A Lungu anatenga mvula ziwiri, iwenso tenga zako. Ine ndidikira, ndipo sindikuopa, chifukwa ndi bwino undikwiyire uli ndi miyendo iwiri, ndi anzako onse ali ndi yawo.

Ngati ukufunabe kukhala ngati atate ako, usatengere uja wonyamula munthu kumsana. Ameneyo ananyamula katundu amene anamugwetsa yekha. Tengera nkhalamba yotopetsa ija imene mumaiseka kuseri kwa nkhokwe. Chiyambire kufunsa funso lake lija, sinavulazepo munthu.

Ndikumva mawu a amai ako kumsewu, akudandaula za ndowa, ndiye ndilekere pano ndisanagwidwe. Ine ndikulemba kuti ukunyamuka mailo. Iwe powerenga udzati atate analemba mailo. Liwu ndi lomwelo, koma ine ndatsala mbali ino, iwe waolokera mbali iyo. Mailo a kumbuyo ndakupatsa onse, sindinabise kalikonse. A kutsogolo ndi ako.

Mulungu akutsogolere. Ukafika uimbe foni, ndipo bulangeti ndakuikira awiri.

Ndine atate ako,
Yotamu Daka,
amene mumati a Mailo-Ake-Ati.